Galimoto yolira ikafuna yokha: vuto linali pawiri, mu solenoidi ndi pansi pa dashibodi

Galimoto yomwe inabwera pa galaja yanga ndi saluni ya m'ma 1990, injini ya petulo ya 1.6, masilinda anayi, ya EFI (yopopera mafuta ndi ma injekita, osati kabuleta), giyabokosi ya otomatiki, ndipo inali itayenda kupitirira makilomita 250,000. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, osamala galimoto, oyilo amasintha pa nthawi yake, nde sikuti inali galimoto yotayidwa ayi. Dandaulo lawo linali loti nthawi zina siikulira. Mmawa imalira bwinobwino kungopotokola kiyi kamodzi kokha, koma akayenda kamtunda n'kuima penapake mphindi zochepa, pobwera kudzapotokola kiyi, zii. Ayesa kangapo, adikira, mwina atsegula boneti n'kutsekanso, kenako yalira ngati palibe chachitika. Batire anali atasintha kale, latsopano, chifukwa tsiku lina itakana munthu wina anawajampa ndipo inalira pompo, nde aliyense anangoti ndi batire. Latsopanolo linathandiza masabata ochepa, vuto n'kubwereranso.

Mawu oti "siikulira" kwa ine sakwanira. Ndinawafunsa kuti achikulire, ikakana, injini imazungulira koma osagwira, kapena siizungulira n'komwe? Funso limeneli limagawa ntchito pakati. Ngati sitata ikuzunguza injini koma osagwira ndiye tikupita ku mafuta, ku moto wa mapulagi, pampu, crank sensor, immobiliser ndi zina zotero. Ngati siikuzungulira n'komwe, zonsezo tazisiya, tatsala ndi batire, mawaya akuluakulu, earth, sitata ndi njira ya waya wochokera ku kiyi. Iwo anati siizungulira. Magetsi a pa dashibodi amayaka onse. Nditafunsa za phokoso m'pamene anandipatsa chinthu chofunika kwambiri pa nkhani yonseyi ngakhale iwo sanachione ngati kanthu, anati masiku ena imangoti "tha" kamodzi ku injini kenako basi, masiku ena sikumveka olo kanthu. Ndinayamba kukayikira pomwepo kuti mwina sitikulimbana ndi vuto limodzi. "Tha" wamphamvu kamodzi ndiye kuti solenoidi, swichi ya pa sitata yomwe imakankha giya n'kupereka moto ku mota ya sitata, yakoka koma mota sinalandire moto. Zii ndiye kuti solenoidi sinakoke n'komwe. Ndipo kuja kwa "tatatata" kothamanga, komwe kawirikawiri ndi batire lofooka kapena teminolo yakhwepa, iwo anati sanakumvepo.

Mwachizolowezi cha mavuto oterewa, ili pa galaja inkalira nthawi zonse. Nde ndinayamba ndi zoyezeka. Batire litapuma linali pa 12.6V, ndiye kuti lodzaza. Poliza linatsika kufika 10.8V, ndipo malire omwe timayendera ndi oti lisatsike pansi pa 9.6V. Injini ikuyenda alternator inkapereka 14.1V. Ndinayezanso moto womwe galimoto imadya ikazimitsidwa, unali pansi pa 50mA. Kumbali ya batire ndi tchaji kunalibe mlandu.

Kenako mawaya akuluakulu. Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri amanamizidwa ndi mita yoyezera magetsi. Munthu amaika mita pa ohms, kugunditsa uku ndi uku, yalira "piii", n'kunena kuti waya ali bwino. Komatu mita pa ohms imatumiza kamoto kakang'ono kwambiri, olo waya atatsala ndi kachingwe kamodzi mkati iwonetsabe kuti ndi wolumikizana. Sitata ya injini ngati imeneyi imakoka ma amp 100 kufika 150, nthawi zina kuposa. Tawerengani nokha, resistance ya 0.01 ohm yokha, yomwe mita wamba siingaione n'komwe, pa ma amp 150 ikudya 1.5V. Nde waya wa sitata amayezedwa ali pa ntchito, mita ili pa DC volts, nsonga imodzi koyambira waya inayo kothera, wina akuliza. Chomwe mita yawerenga ndi moto womwe watayika panjira, womwe timati voltage drop. Ndipo nsonga muziika pa mutu weniweni wa batire osati pa kalampu, kuti malo ogundana mutu ndi kalampu nawo ayezedwe.

Kuchokera pa positive ya batire kufika pa teminolo 30 ya sitata (yaikulu yomwe waya wonenepa wa ku batire amafikira) ndinapeza 0.2V, zabwino, malire ndi cha m'ma 0.5V. Ku earth, kuchokera pa thupi la sitata kufika pa negative ya batire, ndinapeza 0.4V, yokwererapo. Waya wa earth pomwe wamangidwa pa giyabokosi panali oyilo wosakanikirana ndi fumbi komanso kadzimbiri pansi pa bawuti. Ndinamasula, kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, kumanganso, inatsika kufika 0.1V. Zinali zoyenera kukonza, koma ndinawauziratu eni ake kuti ili si vuto lomwe mwabwerera. 0.4V ikhoza kupangitsa sitata kuzungulira mwaulesi pang'ono, koma siingapangitse zii. Ndimaona kuti apa m'pomwe ntchito zambiri zimathera pakati, munthu wapeza kanthu kakang'ono kolakwika, wakonza, galimoto yalira (yomwe inkalira kale!), wabweza galimoto, patapita masiku mwini wake wabweranso nkhope itasintha.

Ndinayang'ana dayagilamu ya mawaya kuti ndione njira ya moto wa ku solenoidi. Magalimoto ambiri ali ndi relay ya sitata (kaswichi koyatsidwa ndi moto wochepa kuti kadutsitse wambiri), kiyi amangoyatsa relay, relay n'kutumiza moto ku teminolo 50, yaing'ono ya pa sitata yomwe imayatsa solenoidi. Iyi inalibe. Moto umachoka ku batire, kudutsa fyuzi yaikulu, kulowa mu swichi ya kiyi, kupita ku inhibitor switch ya pa giyabokosi ija yoletsa kuliza galimoto ili mu giya, kenako kukafika ku teminolo 50. Ndiye kuti moto wonse womwe solenoidi ikufuna ukudutsa m'malo onsewa. Ndipo si moto wochepa. Mu solenoidi muli makoyilo awiri, ina yokoka, ina yogwirizira. Yokokayo pa kanthawi koyamba kaja imafuna ma amp 30 kapena kuposa, ndipo earth yake imadutsira mu mota, m'mabulashi, timakala tomwe timapereka moto ku gawo lozungulira la mota. Yogwirizirayo imadya ochepa, cha m'ma 10, earth yake ili pa thupi la solenoidi. N'chifukwa chake mabulashi akatha mutha kupeza zii kapena ka "tha" kofooka, osati chifukwa solenoidi yafa koma koyilo yokoka yasowa podutsira. Mabulashi ndinawaika pa mndandanda wa okayikiridwa.

Nthawi yomwe inkalira bwino, teminolo 50 inkalandira 9.7V pamene batire linali pa 10.8V. Kusiyana kopitirira 1V, sikunandisangalatse, koma galimoto inkalira. Inhibitor ndinaiyesa pa P ndi pa N, kugwedeza giya kiyi ali pa START, palibe chosintha, ndipo kuyeza mbali zake ziwiri inkataya 0.2V basi.

Vuto lobwera n'kupita silipezeka pa nthawi yomwe kulibe, umayenera kuligwira lili mkati. Eni ake ankafuna galimoto yawo tsiku ndi tsiku, nde ndinapanga chomwe ndimakonda kupanga pa nkhani zoterezi. Ndinatenga babu laling'ono la 12V, waya mmodzi ndinalumikiza pa teminolo 50 penipeni pa sitata, solenoidi ili chilumikizire, winayo ku earth, babulo ndinalilowetsa mkati n'kulimangirira pafupi ndi chiwongolero. Ndinawauza kuti achikulire, ikakana musachite chilichonse, ingogwirani kiyi pa START masekondi awiri atatu muyang'ane babu ili, mundiuze ngati lawala kwambiri, lawala mofooka, kapena silinayake, komanso ngati mwamva "tha". Chofunika apa n'choti babu likhale limodzi ndi solenoidi. Mukazula waya wa 50 n'kuyesa ndi babu lokha kapena mita yokha, muwona 12V yokongola olo njira ili yowola, chifukwa palibe chomwe chikukoka moto wambiri.

Atabweranso anali ndi mayankho awiri. Tsiku lomwe inati "tha", babu linawala bwinobwino. Tsiku lomwe inati zii, babu linangofiira pang'ono ngati khala lomwe likuzima. Apa zinatsimikizika kuti mavuto ndi awiri, lina lili mu sitata momwe, lina lili panjira moto usanafike ku sitata.

Popeza tinadziwa kuti kutentha kumaliputa, ndinamangiriratu mawaya a mita pa sitata ili yozizira (pafupi ndi ekizozi yotentha simufuna kumapisa dzanja), tinaiyendetsa mpaka injini kutentha bwino, kuimika, kudikira mphindi ngati 10 kuti kutentha kwa injini kulowerere mu sitata, kenako kuliza, kuzimitsa, kuliza. Inadzati "tha". Mnyamata wanga anagwira kiyi pa START ine ndikuwerenga. Teminolo 30 inali ndi 12.3V, batire silinatsike, magetsi akutsogolo sanafooke olo pang'ono, kusonyeza kuti palibe moto waukulu womwe ukukokedwa. Pa teminolo yopita ku mota panalibe olo 1V. Ndiye kuti solenoidi yakoka, giya yalowa mu flywheel (gudumu lamano la injini), koma makontakiti a mkati sakudutsitsa moto. Akakhala abwino, pakati pa mateminolo awiri akuluakuluwa pamatayika 0.2V kapena kuchepera. Apa pankatayika pafupifupi batire lonse. Magetsi akanafooka kwambiri batire n'kugwa pansi, bwenzi ndikuganiza za mota yogwira, mabushi otha kapena injini yolimba, koma sizinali choncho.

Ndinachotsa negative ya batire kaye, waya wa pa 30 uja amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo pa magalimoto ambiri alibe fyuzi, sipana ikagunda bodi imawotcherera pomwepo. Sitata yake ndi ya reduction gear, ija ya solenoidi yokhala ndi kachivundikiro ka masikuluwu atatu kumbuyo. Kutsegula, zonse zinali poyera. Muli timakontakiti tiwiri ta kopa ndi plunger yokhala ndi mbale yozungulira ya kopa yomwe imadzagunda tonse tiwiri nthawi imodzi. Ka mbali ya batire kanali katadyeka mpaka kupanga sitepe yoti chikhadabo chimakodwa, katatsala kopyapyala, pamene ka mbali ya mota kanali kadakali ndi mnofu. Mbale ya plunger inali ndi timaenje takuda kuzungulira konse, mkatimo muli fumbi la kopa. Nde mbale ikabwera imayamba kugunda kontakiti yaitaliyo, yodyekayo osaifikira bwino. Ndipo poti mbaleyo imatembenuka pang'ono nthawi iliyonse, tsiku lina igwera pabwino galimoto n'kulira, tsiku lina igwera pa dzenje, "tha". Kulira kwa apo ndi apo kuja kumachokera pamenepa.

Ndinasintha makontakiti onse awiri pamodzi ndi plunger. Kusintha kamodzi kokha kodyekako ndi kubwezeretsa vuto lomwelo mbali inayo, chifukwa sakhalanso ofanana msinkhu. Pomanga manati muzipanikiza kontakiti kuti ikhale yogona fulati, ikapendekeka imagunda ndi m'mphepete mokha ndipo siichedwa kupsa, komanso timainsuleta tija tibwerere m'malo mwake mwadongosolo lake. Mabulashi ndinawayeza, anali adakali pamwamba pa malire a m'buku, masipuling'i ali ndi mphamvu, commutator, pomwe mabulashi amakhudza, ndinangoipukuta. Bendix, giya yolowa mu flywheel ija, inkagwira mbali imodzi n'kumasuka mbali inayo momwe ziyenera kukhalira. Mano a flywheel ndinawasuzumira pa bowo la sitata ndikuzunguza injini ndi sipana, anali odyeka pang'ono m'mphepete koma osathyoka. Sitata yonse sinafunike kugula.

Eni ake anandiuzanso kuti wina anawalangiza kumamenya sitata ndi hamala ikakana. Zimathekadi kulira, chifukwa kugwedezako kumasuntha mabulashi kapena plunger, koma masitata ambiri a masiku ano ali ndi maginito mkati m'malo mwa makoyilo, ndipo maginito amenewa amasweka. Ndinawapempha kuti asiye.

Tsopano zii uja. Sitata itabwerera, ndinaika mita pa teminolo 50 n'kuyamba kutsatira waya chobwerera mmbuyo. Swichi ya kiyi inkataya 0.3V, kwa swichi ya zaka zimenezi n'zovomerezeka. Inhibitor 0.2V. Kuphatikiza ndi waya weniweniyo sizinkakwana 1V ija, china chake chinkadya moto pakati pa swichi ya kiyi ndi inhibitor, pomwe pa dayagilamu palibe kanthu, ndi waya chabe. Ndinachotsa pulasitiki ya pansi pa chiwongolero n'kupisa dzanja kugwedeza mtolo wa mawaya mnyamata akuliza, ndipo nditakankha malo ena galimoto inati zii, mita n'kuwerenga 6.8V. Kusiya, yalira. Kukankhanso, zii.

Kumtunda kuseri kwa dashibodi kunali kabokosi kakuda ka alamu yoikidwa pambuyo, yakalekale, yomwe eni ake sankadziwa n'komwe kuti ilipo, anagula galimoto ilimo kale ndipo rimoti yake sanaionepo. Woika alamuyo anadula waya wa sitata n'kuudutsitsa mu relay ya alamu kuti alamu ikatchera galimoto isamalire. Zimenezo ndi momwe ma alamu ambiri amaikidwira, vuto ndi kalumikizidwe. Mawaya anangopotedwa ndi zala n'kukulunga tepi, popanda soda, popanda crimp, ndipo waya wowonjezerawo anali wowonda kuposa wa galimoto. Tepi inali itauma n'kuchita kusungunuka mbali imodzi, kuisenda inkangofumbutuka. Kopa wa mkati anali wakuda, tizingwe tina tatathyoka, totsalato tikungogundana. Mfundo ngati imeneyi imadziwononga yokha, ikadutsitsa ma amp 30 imatentha, ikatentha kopa amada, akada resistance imakwera, ikakwera imatenthanso kwambiri.

Nanga bwanji vuto linkakonda injini ikatentha pamene mfundoyo ili mkati mwa galimoto? Resistance ya kopa imakwera pafupifupi 0.4% pa digiri iliyonse. Solenoidi ikachoka pa madigiri 20 kufika pa 100, makoyilo ake akwera ndi pafupifupi 30%, ndiye kuti pa voteji yomweyo ikukoka mofooka. Mmawa ili yozizira, moto wochepa womwe unkapulumuka pa mfundo ija unkakwanira. Ikatentha sunkakwanira. Nkhani ya kujampa ija imamvekanso apa, galimoto yojampayo injini ikuyenda imapereka cha m'ma 14V, nde voteji yowonjezerayo inkakwirira zomwe zinkatayika panjira. Batire latsopano lodzaza bwino linachitanso chimodzimodzi kwa kanthawi. Batire lakale lija sindinaliyeze poti linapita kale, koma zomwe ndinapeza zikundipangitsa kuganiza kuti mwina linachotsedwa lisanathe.

Maganizo anga ndi oti mavuto awiriwa ndi apachibale. Makontakiti amadyeka okha ndi zaka, zimenezo n'zoona, pa mtunda umenewu sizodabwitsa. Koma solenoidi yomwe ikulandira moto wochepa imakankha mbale mofooka, mbale siikhazikika mwamphamvu, pamachita masipaki ambiri ndipo kopa amapsa msanga. Ndikanangosintha makontakiti n'kusiya mfundo ija, "tha" akanatha koma zii akanatsala, ndipo makontakiti atsopanowo sakanakhalitsa.

Ndisanachotse alamu ndinatsatira waya wake aliyense, chifukwa ma alamu ena amadulanso waya wa pampu ya mafuta kapena wa ignition, ukangozula mwachisawawa galimoto yomwe inkakana kuzungulira imasanduka yozungulira koma osagwira. Iyi inadula wa sitata yekha, ena anali ongoba moto, a maindiketa ndi a zitseko. Eni ake anavomera kuti ichoke. Ndinadula mbali zonse zakuda mpaka kupeza kopa wowala, kulumikiza ndi waya wonenepa mofanana ndi wa galimoto, crimp yabwino, heat shrink pamwamba, n'kumangirira mtolo kuti usamalendewere. Malo omwe alamu inkaba moto ndinawatsekanso bwinobwino.

Pali ena akapeza moto wochepa pa 50 amangoika relay pafupi ndi sitata kuti waya wa ku kiyi azingoyatsa relay. Njira imeneyi imagwira, ndipo pa galimoto yakale yopanda relay imapeputsira ntchito swichi ya kiyi, sindiitsutsa. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kuika relay usanapeze komwe moto ukutayika, chifukwa mfundo yowola ija ikanakhalabe pansi pa dashibodi mpaka tsiku lodzadukiratu. Pa galimoto iyi sindinaike, titakonza manambala anasonyeza kuti siikufunika.

Titamaliza, teminolo 50 inkalandira 10.3V batire lili pa 10.9V poliza. Pakati pa makontakiti a solenoidi pankatayika 0.1V. Ndinabwereza mayeso a kutentha aja, kuyendetsa, kuimika, kudikira, kuliza mobwerezabwereza ndikupumitsa sitata pakati, ndikugwedezanso mawaya pansi pa dashibodi, pa P ndi pa N, sinakanepo. Kamvekedwe ka solenoidi nakonso kanasintha, kakumveka kolimba.

Babu lija ndinalisiya momwemo kwa kanthawi kuti ikadzakananso tidzakhale ndi poyambira. Atabwera kudzasintha oyilo anati sinakanepo, nde ndinalichotsa. Ndinayezanso 50 tsiku limenelo, manambala anali omwewo. Chomwe ndawalembera kuti tiziyang'anira ndi swichi ya kiyi, 0.3V ija ikadzayamba kukwera kupitirira 0.5V tidzasintha mbali yake ya magetsi, ndipo nthawi imeneyo m'pomwe tidzakambirane zoika relay.